Part-time, mphunzitsi wapakhomo, study circle kapena foni: njira iti ingamufike mwana wanu wa ku sekondale?

Lipoti la teremu likabwera ndi 8 kapena 9 pa Masamu, makolo ambiri timathamangira mawu amodzi: "Timupezere part-time." Ndalama zimatuluka, mwana amayamba kufika kunyumba dzuwa litalowa, kope lina limadzaza, koma teremu yotsatira lipoti limabwera ndi nkhope yomwe ija.

Zinachitika kwa mwana wa mchemwali wanga ali Fomu 3. Anayenda part-time materemu awiri, Masamu osasuntha. Tsiku lina ndinakhala naye pakhonde n'kumuuza kuti awerengere funso limodzi la quadratic equation akulankhula mokweza chilichonse chimene akuchita. Fomula ankaidziwa bwino, anailoweza ngati vesi. Anagwera pa 3 kuchotsa 7. Anati yankho ndi 4. Nditamufunsa kuti -2 kuchulukitsa ndi -3 ndi zingati, anayang'ana pansi. Dzenje linali la Fomu 1, koma aliyense amene ankamuthandiza ankamuthira za Fomu 3 pamwamba pake. Palibe anaona, chifukwa palibe anakhalapo naye n'kuyang'ana dzanja lake likulemba.

Phindu la kuphunzitsa mwana molingana ndi pamene iye ali lagona pamenepo. Si kuchuluka kwa maola, si kuchuluka kwa manotsi. Ndi munthu wodziwa phunzirolo amene waona pamene mwana ameneyu, osati kalasi yonse, amapunthwa, n'kuyambira pomwepo. Mu 1984 katswiri wa zamaphunziro wa ku University of Chicago, Benjamin Bloom, analemba kuti ophunzira amene ankaphunzitsidwa aliyense payekha ankaposa pafupifupi 98 mwa 100 alionse a m'kalasi wamba. Akafukufuku obwera pambuyo pake anapeza kuti phindu lake silifika pamenepo nthawi zambiri, komabe ndi lalikulu. Kwa anzathu ku Zambia, pulogalamu ya Catch Up, imene anayamba kuiyesa mu 2016 m'zigawo za kum'mawa ndi kum'mwera, imagawa ana a Giredi 3 mpaka 5 potengera zimene akutha kuchita m'malo motengera kalasi yawo, njira imene bungwe la Pratham linayambitsa ku India. Imeneyo ndi ya ku pulayimale, koma nzeru yake ndi yomweyi.

Sindikuloza chala aphunzitsi athu. Piriyodi ndi ya mphindi 40. Kalasi ikakhala ya ana 60, mwana aliyense gawo lake ndi masekondi 40, mphunzitsi asanalembe n'komwe pabolodi. Masukulu a CDSS (Community Day Secondary School), amene anabadwa mu 1998 kuchokera ku ma Distance Education Centre aja, ndi amene amanyamula ana ambiri a ku sekondale, ndipo ambiri mwa masukuluwa alibe mabuku okwanira, labotale kapena aphunzitsi a sayansi okwanira. Zaka zaposachedwapa, amene amakhoza MSCE amangopitirira theka pang'ono la olemba. Choncho kholo limene likufunafuna thandizo lapadera silikulakwitsa. Funso n'lakuti ndalama ndi nthawi zipite kuti.

Miyeso imene ndagwiritsa ntchito

Njira iliyonse ndaiyeza pa zinthu zinayi: mtengo wake, kupezeka kwake kumene mukukhala, zimene imafuna kwa inu kuti ipitirire, ndi zoopsa zake. Mitengo yeniyeni ya makwacha muifunse kwanuko, chifukwa chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo sikhala malo amodzi, ndipo ya ku Area 47 si ya ku Nsanje. Pamwamba pa zinayizi pali funso limodzi limene ndimaliona lolemera kuposa onse: kodi pa njira imeneyi alipo amene amatenga kope la mwana, kuona m'mene wawerengera, n'kumuuza pamene walakwitsa ndi chifukwa chake? Ngati palibe, mwagula kalasi ina, simunagule thandizo la mwana wanu.

Mudziwenso chimene mukusaka. MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 n'kukhoza chabe, 9 n'kulephera. Kuti mwana aganiziridwe ku mayunivesite aboma amafunika ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi. Mwana amene akufuna kuchoka pa 9 kufika pa 6 ndi mwana amene akufuna kuchoka pa 3 kufika pa 1 sadwala matenda amodzi.

1. Part-time ya gulu

Mtengo: Pa njira zolipira, iyi ndiyo yotsika mtengo, chifukwa ana ambiri amagawana mphunzitsi mmodzi. Ena amalipiritsa pa phunziro, ena pa mwezi, ena pa holide yonse. Onjezanipo ya minibasi kapena kabaza ndi kachakudya.

Kupezeka: Ili paliponse, m'tauni ndi pa trading centre, m'makalasi a pulayimale madzulo, m'maholo a tchalitchi, ngakhale m'magalaja.

Zimene imafuna kwa inu: Kulipira pa nthawi yake, ndi kutsimikiza kuti mwana akufikadi. Sabata iliyonse tsegulani kope. Mukaona manotsi okhaokha opanda cholembera chofiira, dziwani kuti mwana akungokopera.

Zoopsa zake: Apa mpamene ndalama za makolo zimalowa m'madzi kwambiri. Part-time ikatchuka imadzaza, ikadzaza imasanduka kalasi yomwe mwana wathawa ija, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano watopa ndipo ali ndi njala. Mphunzitsi amayenda ndi ana asanu akutsogolo amene amayankha msanga. Ambiri amangophunzitsa ma past paper ndi mayankho oloweza, zimene zimathandiza mwana amene maziko ali nawo kale koma zimamusiya wa dzenje uja ali m'dzenje. Palinso vuto lina limene makolo amangolinong'ona: mphunzitsi wa part-time akakhala yemwe amaphunzitsa mwana m'mawa, mayesero amakhalapo osunga zonona za phunziro kuti zikaperekedwe madzulo kwa olipira. Si onse amatero, ambiri ndi anthu okhulupirika amene akungoonjezera pa malipiro osakwana, koma mufunse mwana ngati pali mitu imene imangophunzitsidwa ku part-time kokha.

Gulu likakhala la ana osapitirira 8 kapena 10, ndipo mphunzitsi amayamba ndi kamayeso koona pamene aliyense ali, part-time ndi yabwino ndithu. Musanalipire pitani mukawerenge mitu ya ana ndi maso anu.

2. Mphunzitsi wobwera pakhomo

Mtengo: Wokwera kuposa njira zonse kupatula kusintha sukulu. Mphunzitsi wa dipuloma ya ku Domasi kapena Nalikule, kapena wa digiri, amadula. Wophunzira wa ku yunivesite amene ali pa holide, kapena wachinyamata amene anakhoza bwino MSCE ndipo akudikira kusankhidwa, amatchipirako. Pa maphunziro a Fomu 1 ndi 2 achinyamata oterewa amathandiza kwambiri, chifukwa akukumbukirabe pamene iwo eni ankavutikira.

Kupezeka: Ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba simungavutike. Kumudzi, mphunzitsi wa Physics kapena Chemistry akhoza kukhala mmodzi dera lonse, ndipo ndi yemweyo wa ku sukulu.

Zimene imafuna kwa inu: Zambiri kuposa m'mene anthu amaganizira. Malo achete, tebulo, nyali, nthawi yokhazikika imene mwana satumidwa kuchigayo. Kawiri kapena katatu pa sabata kwa mphindi 45 kumapindula kuposa maola anayi Loweruka lokha, chifukwa mutu umaiwala pakati pa sabata. Mugwirizane chinthu chimodzi chooneka: mwachitsanzo, pofika kumapeto kwa mwezi mwana azitha ma fraction ndi manambala a negative popanda kuthandizidwa. Mphunzitsi wabwino tsiku loyamba salankhula kwambiri. Amafunsa, amapereka mafunso osavuta kenako ovutirapo, mpaka apeze pamene mwana waima. Amene wafika n'kuyamba kulembetsa manotsi tsiku lomwelo wabweretsa kalasi kunyumba kwanu.

Zoopsa zake: Choyamba, mwana akhoza kusanduka wodalira. Mphunzitsi wachifundo amamuchitira homuweki, magiredi a m'kalasi amakwera, koma tsiku la mayeso a MANEB mwana amakhala yekha. Mukamamvetsera phunziro lili mkati, mawu a mwana azimveka kwambiri kuposa a mphunzitsi. Chachiwiri ndi chitetezo, ndipo ichi sindichinena mopepuka. Mwana, wamkazi kapena wamwamuna, asatsekeredwe m'chipinda ndi munthu wamkulu. Phunziro lichitikire pabalaza kapena pakhonde, munthu wina wa pakhomo ali pafupi, ndipo mauthenga a pafoni adzere kwa kholo. Mphunzitsi wolongosoka sakhumudwa nazo zimenezi. Chachitatu, ndalama zikatha pakati pa teremu zonse zimaima. Ndi bwino kulipirira phunziro limodzi kwa miyezi itatu kusiyana ndi kuyamba maphunziro asanu n'kusiya patatha masabata atatu.

Pa funso lija la kope, palibe njira ina imene imaposa iyi, bola munthuyo akhale woyenera.

3. Study circle

Mtengo: Palibe cholipira, kupatula mapepala, ma past paper ofotokopa ndi nyali.

Kupezeka: Masukulu ambiri aboma ali ndi nthawi ya study circle madzulo, pamene ana amakhala m'timagulu n'kumathandizana maphunziro okhaokha. Kumene kulibe, ana anayi kapena asanu oyandikana nyumba akhoza kuyambitsa lawo pakhonde la mmodzi wa makolo. Nthambi za National Library Service m'mizinda ndi m'maboma ena zimathandiza pa mabuku.

Zimene imafuna kwa inu: Gulu limafa likasowa dongosolo. Pafunika mutu wa tsikulo wodziwika pasadakhale, mwana aliyense kukhala ndi tsiku lake lofotokozera anzake, ndi munthu wamkulu amene amasuzumirako. Mafunso amene agonjetsa gulu lonse alembedwe papepala n'kupita kwa mphunzitsi m'mawa mwake. Aphunzitsi ambiri amene ndimawadziwa amasangalala mwana akabwera ndi funso lenileni lolembedwa, ndipo mphindi zisanu za mu staff room zoterozo ndi thandizo la payekha laulere limene ana ambiri saligwiritsa ntchito chifukwa cha manyazi. Paja safunsa anadya phula.

Zoopsa zake: Ana akhoza kuphunzitsana zolakwika molimba mtima. Gulu la ana ofooka okhaokha limangozungulira pamalo amodzi, ndipo gulu limene lili ndi katswiri mmodzi limasanduka kalasi yake, ena onse akungogwedeza mitu. Ena amasandutsa study circle malo a macheza ndi zibwenzi, makamaka ikamathera usiku, ndipo kwa atsikana a self boarding amene akukhala okha pafupi ndi CDSS nkhaniyi ndi yofunika kuiyang'anira.

Ine njira iyi ndimaikonda kuposa m'mene makolo ambiri amaionera. Mwana amene amaopa kukweza dzanja pamaso pa anzake 60 amafunsa momasuka kwa mnzake m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, mpaka chinthu chimveke, kenako n'kubwerera ku Chingerezi cha pamayeso. Ndipo wofotokozayo ndi amene amapindula kwambiri, chifukwa ukayesa kumufotokozera mnzako m'mene osmosis imachitikira mpamene umazindikira ngati unamvetsa kapena unangoloweza.

4. Kumusamutsira ku sukulu ya makalasi aang'ono

Mtengo: Wolemera, ndipo ndi wa teremu iliyonse mpaka Fomu 4. Pamwamba pa fizi pali yunifolomu, mayendedwe kapena boarding, ndi tindalama tina timene timatulukira mkati mwa teremu.

Kupezeka: Masukulu a private ali mbwee, koma amasiyana ngati usana ndi usiku. Pali a mbiri ngati Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, Kasungu, imene inatsegulidwa mu 1981 ndipo imatsata mayeso a Cambridge, pali a mishoni amene malo ake ndi opikisana, ndiye pali ena a zipinda zinayi kuseri kwa msika.

Zimene imafuna kwa inu: Fizi yosadukiza. Mwana wobwezedwa pakhomo masabata awiri teremu iliyonse chifukwa cha ngongole amataya zambiri kuposa zimene kalasi yaing'ono yamupatsa.

Zoopsa zake: Kalasi ya ana 25 payokha sichiritsa. Mphunzitsi akhoza kulankhula yekha mphindi 40 pamaso pa ana 25 monga m'mene akanachitira pamaso pa 70. Mukapita kukaona sukulu, chikwangwani cha pageti ndi zithunzi za ana a mapointi 6 musazitengere. Pemphani makope a ana awiri kapena atatu muone kuti anachongedwa liti. Funsani kuti ana amene analowa Fomu 1 ndi angati ndipo amene analemba MSCE pa dzina la sukuluyo ndi angati, chifukwa sukulu zina zimachotsa ofooka mayeso asanafike kuti chiwerengero cha okhoza chikongole. Funsani ngati sukulu ndi yolembetsedwa ku Unduna wa Zamaphunziro ndiponso ngati ili ndi senta ya MANEB. Funsani kuti mphunzitsi wa Masamu wakhalapo zaka zingati: kumene aphunzitsi amasintha teremu iliyonse palibe amene angamudziwe mwana wanu. Onaninso labotale, poti Biology, Physics, Chemistry ndi Agriculture zili ndi mayeso a practical. Ndipo kusamutsa mwana ali Fomu 4 kawirikawiri kumasokoneza kuposa kuthandiza, chifukwa sukulu ziwiri siziyenda silabasi mu ndondomeko imodzi.

5. Foni

Mtengo: Foni yamakono, bandulo ya TNM kapena Airtel, ndi kutchajitsa. Mavidiyo amadya data msanga.

Kupezeka: Kumene netiweki imagwira ndipo magetsi kapena sola zilipo. Manotsi ndi ma past paper amayenda kwambiri m'magulu a WhatsApp, ndipo pa YouTube pali aphunzitsi ofotokoza Masamu ndi sayansi bwino.

Zimene imafuna kwa inu: Malire a nthawi, ndi foni kugona m'chipinda cha kholo.

Zoopsa zake: Vidiyo siona kope. Mwana amaonera, amamva ngati wamvetsa, koma mukamupatsa pepala loyera dzanja limauma. Mavidiyo ambiri ndi a masilabasi a mayiko ena. Mapulogalamu a pafoni oyankha mafunso amapereka yankho lomalizidwa, nthawi zina lolakwika, ndipo mwana amangolikopera. Nyengo ya mayeso ikayandikira m'magulu a WhatsApp mumalowa ogulitsa likasa. Tikumbukire kuti mayeso a MSCE a 2020 anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabooka, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso mu Januwale 2021.

Koma foni ili ndi ntchito ina imene anthu saiganizira, ndipo sifuna intaneti. Mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, bungwe la Young 1ove ku Botswana linayesa kutumiza mafunso a Masamu pa SMS kwa ana a pulayimale, ena n'kumawaimbiranso foni kwa mphindi 15 mpaka 20 pa sabata. Amene ankaimbiridwa ndi amene anapita patsogolo moonekeratu. Chinagwira ntchito ndi munthu wa mbali inayo amene ankamva mwana akuwerengera. Mabanja ambiri ali ndi msuweni ku MUBAS kapena ku MUST, azakhali ophunzitsa ku Mzuzu, malume ku Johannesburg amene Masamu anali ake. Mwana ajambule tsamba la kope, atumize, wachibaleyo aimbe foni Lamlungu masana n'kudutsa naye mzere ndi mzere. Kwa banja la kumudzi, imeneyi ikhoza kukhala njira yokhayo yopezera mphunzitsi wa payekha.

Ndiye musankhe iti?

Mwana amene akulephera phunziro limodzi kapena awiri, makamaka Masamu kapena Chingerezi, ndipo mukukayikira kuti vuto linayamba kale: mphunzitsi wapakhomo, phunziro limodzi, miyezi iwiri kapena itatu, kuyambira pamene dzenje lili ngakhale kutakhala kubwerera ku za Sitandade 7. Ngati ali Fomu 1 kapena 2 musadikire zotsatira za JCE. Ndalama zikavuta, gwirizanani mabanja awiri kapena atatu a ana ovutika pa zofanana mugawane mphunzitsi mmodzi.

Mwana wa ma 5 ndi ma 6 amene akufuna kutsitsa mapointi ali Fomu 4: part-time ya gulu laling'ono yochonga ma past paper, pamodzi ndi study circle. Uyu maziko ali nawo, akusowa kuzolowera mafunso ndi kusunga nthawi.

Mwana wanzeru amene kalasi ikumuchedwetsa: musawononge ndalama pa part-time. Mupezereni mabuku, mafunso ovuta, ndipo akhale wofotokozera anzake mu study circle.

Mwana wa pa CDSS ya kumudzi, pakhomo popanda ndalama zapadera: study circle ya dongosolo, pepala la mafunso lopita kwa mphunzitsi sabata iliyonse, ndi wachibale woimba foni. Inu kholo pitani ku sukulu kamodzi pa teremu mukafunse mphunzitsi funso lachindunji, osati "akuchita bwanji" koma "ndi mutu uti umene ukumuvuta".

Mwana amene magiredi ake onse agwa nthawi imodzi: musayambe ndi njira iliyonse mwa izi. Fufuzani kaye ngati akuona bwino pabolodi, ngati akudya, ngati akuvutitsidwa ndi anzake, ngati wasowa masiku ambiri, kapena ngati pali chimene chikumusowetsa mtendere.

Kusintha sukulu kusiyireni pamene vuto ndi sukuluyo, monga kukhala teremu yonse opanda mphunzitsi wa sayansi, pamene mwana ali Fomu 1 kapena akuyamba Fomu 3, ndiponso mutawerengera n'kuona kuti fizi muikwanitsa mpaka tsiku lolemba pepala lomaliza la MSCE.